Duwa Limene Ednah Sankalidziwa

Anthu a m'midzi ya kwa Nkomeshya, makamaka cha kuno kufupi ndi Silverest, amamudziwa Ednah ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi ndiwo zakutchire zimene amagulitsa m'mbali mwa msewu waukulu wopita ku Lusaka. Chachiwiri ndi kayendedwe kake. Mayi ameneyu amayenda maso ali pansi ngati wataya singano, moti mukakumana naye muyambe ndinu kupereka moni, apo ayi akudutsani ngati mtengo. Ena amati n'kunyada, ena amati maso ayamba kuvuta. Onsewo amangolankhula poti pakamwa ali napo. Ednah wakhala akufunafuna kamalo kakang'ono, kosakwana n'komwe mphasa, pamene amayi a m'mudzi anaika mwana wake woyamba. Palibe amene anamuonetsa.

Anabadwira kutsidya kwa mtsinje wa Chongwe, m'banja lolima chimanga ndi mtedza. Sukulu anaisiyira panjira chifukwa inali kutali, ndipo mvula ikagwa mtsinje sunkaoloketsa. Zimene sanaphunzire m'kalasi anaziphunzira kutchire, akutsatira amayi ake ndi lichero pamutu. Pofika potha msinkhu ankasiyanitsa bonongwe wodyeka ndi waminga ali chapatali, bowa woipa ankamudziwa ndi fungo, koma chimene ankachikonda kuposa zonse chinali katate. Limeneli ndi therere lakutchire lija lomera m'malo ouma amchenga, la masamba aubweya onanda m'manja, la maluwa ofiirira otumbuluka okhala ngati kabelu kozondoka. Ukalithira chidulo limaterera bwino, ndipo madzi ake amatsuka tsitsi kuposa sopo. Ednah ankati katate angamudziwe ngakhale atatseka maso. Sikunali kudzitama, zinali zoona, ndipo kudziwa kumeneko n'kumene kunadzamusocheretsa.

Anakwatiwa ndi Ezron, mnyamata woumba njerwa, wofatsa mpaka kukwiyitsa. Ukamufunsa funso m'mawa, yankho linkabwera madzulo. Mawu onse a m'banja lawo anatenga ndi mlongo wake wamkulu, Tisauke, mayi wa pakamwa posatseka, wonunkhiza fodya, amene ankavala chibangili cha waya wamkuwa kudzanja lamanzere, ati chimathamangitsa nyamakazi. Tisauke anamulandira Ednah ndi chipongwe monga alamu amachitira, amvekere mkazi wanji woonda ngati bango, mphepo ikawomba tidzakamutola kwa Kanakantapa. Koma ndi yemweyo amene ankamubisira mbatata yootcha, ndi kumulandira mtsuko akamuona akuchokera kuchitsime.

Mimba yoyamba inakwana masiku mu 1988, mvula zoyamba zitangogwa, anthu ali kalikiliki kubzala. Ednah anavutika tsiku lathunthu, ndipo mwana atabadwa m'nyumba munangoti zii. Azamba anamutembenuza, anamumenya pang'ono, anamuuzira mpweya, koma ayi ndithu. Anamukulunga msangamsanga m'kansalu asanamuonetse mayi wake. Chimene Ednah anaona ndi kachidendene kokha, katatulukira kumapeto kwa nsalu. Sanauzidwe n'komwe ngati anali mwamuna kapena mkazi.

Mwana wobadwa wakufa, amene amati nthayo, sankaikidwa kumanda a anthu onse. Amayi achikulire okha ndi amene ankamunyamula mwakachetechete kupita naye kutchire, popanda bokosi, popanda nyimbo, popanda mwamuna wowatsatira. Mayi wake ankatsala m'nyumba. M'mawa umenewo ananyamuka amayi atatu ndi khasu limodzi, Tisauke ali pakati pawo, ndipo dzuwa lisanakwere anali atabwerako, akusamba m'manja kuseri kwa nkhokwe.

"Osalila, mwana wanga," wamkulu wa amayiwo anamuuza Ednah. "Ukalila uzatsekela anzake njila. Uyu sanali wako, anangopitilila."

Ednah anameza misozi. Ezron anakhala tsiku lonse pansi pa mtengo akukonza chikombole chimene sichinali chothyoka, ndipo mpaka imfa yake nkhaniyi sanaitchulepo. Patapita miyezi Ednah anafunsa kamodzi kuti kodi mwanayo anamuika cha kuti, ndipo anadzudzulidwa ngati watukwana pagulu. Sanafunsenso. Amene anaika mwambo umenewu mwina ankafuna kuti mayi aiwale msanga, apezenso mphamvu. Cholinga chinali chabwino, koma palibe anamufunsa Ednah, ndipo iye sanaiwale.

Kenaka kunabwera Towela, wamoyo, wolira mpaka agalu kuuwa, ndipo pambuyo pake anyamata awiri. Mudzi unayamba kumuitana amake Towela. Analima, anaweta nkhuku, anaimba kwaya ya amayi kutchalitchi ngakhale mawu ake sanali oti n'kunyadira. Magalimoto atachuluka pamsewu waukulu, anatulukira kuti anthu a m'tauni, omwe amanyoza zakumudzi ndi pakamwa pokha, amaimika galimoto akaona katate ndi mfutso. Ndi ndiwo zimenezo anaphunzitsa Towela mpaka anapeza ntchito m'sitolo ya mankhwala ku Lusaka. Ezron anamwalira ndi chifuwa, ndipo tsiku limene ana anamuikira mwala pamanda, Ednah anadzidabwa yekha, chifukwa anachita nsanje. Mwamuna wake anali ndi malo oti n'kusesa, oti munthu n'kuimapo n'kunena kuti ali apa.

Amayi awiri aja anali atamwalira kalekale pamene Tisauke nayenso anagwa pamphasa, m'chilimwe cha 2016. Miyendo inali itatupa, koma pakamwa panali pakadali pamoyo. Tsiku lina masana, Ednah akumumwetsa phala, Tisauke anakankha supuni.

"Mulamu, tsekani chitseko. Nifuna nikuuzeni kanthu. Nikafa nako, Mulungu azanifunsa."

Ednah anatseka, n'kubwereranso pamphasa.

"Anali mwamuna, mwana wanu uja," anatero Tisauke. "Tsitsi lambili monga Ezron. Tinamuika pansi pa phili, mbali ya kuno, kumene timamweta udzu. Anzanga anati tisasiye chizindikilo, koma ine mtima unakana. Pamenepo panali kamtengo ka maluwa, monga katate koma si katate. Maluwa aatali monga chala, mukati muli mizele, pakamwa pali ubweya. Pansi kali na chitsa chikulu monga chinangwa. Pobwela ninatsalila kumbuyo, ati nitaye madzi, ninavula chibangili changa, ninamanga pakhosi pa chitsa."

Ednah anakumbukira kuti kuyambira masiku amenewo dzanja la mlamu wake linalidi lopanda kanthu, ndipo ankauza anthu kuti chibangili chinatayika kumunda.

"Nanga zaka zonse izi, mulamu, simunaniuze chifukwa chani?"

"Ninayopa. Munali mukali kubala. Mukanataya wina, sembe anati ni ine. Pamene munaleka kubala, manje ninachita manyazi. Nikapola nizakupelekani."

Sanapole. Anamuika mvula isanagwe. Maliro atatha Ednah anapita yekha patsinde pa phiri, n'kupeza moto utadutsa, pansi pali bii, popanda duwa ngakhale limodzi. Anaima pamenepo n'kuganiza monga mayi aliyense wodziwa ndiwo angaganizire. Chofanana ndi katate chimachita maluwa nthawi ya katate, mvula ikamatha, cha m'Malichi ndi m'Epulo. Anadziuza kuti adikire nthawi yake, n'kubwerera kukakonza mbewu.

Tsono anatsala ndi ntchito yozindikira duwa limene sanalionepo. Patsinde pa phirilo si pang'ono ayi, ndi dera lalitali la udzu ndi miyala, louma, lopanda mtengo waukulu woti munthu n'kuwerengera pamenepo. Nthawi yobzala Ednah ankakhala kumunda kwake ngati wina aliyense. Chimanga chikayamba kukhwima ankatenga thumba n'kulowera kuphiri, n'kumauza anthu kuti akukathyola ndiwo. Udzu wa nthawi imeneyo umapitirira mutu. Ankaupatula ndi ndodo, tsekera likumucheka m'mikono, nkhupakupa zikumukwera m'miyendo. Akaona duwa lofiirira ankagwada n'kukumba ndi chala patsinde pake. Nthawi zonse unali muzu woonda ngati ulusi, katate wamba, wofa chaka chomwecho. Ndiwo imene inamulerera ana inayamba kumunyansa, moti ankaigulitsa koma m'nyumba mwake anasiya kuiphika.

Towela atabwera patchuthi anaona mikono ya amayi ake ili zipsera zokhazokha, ndipo anawapanikiza mpaka ananena zonse. Moyo wake wonse Towela ankadziyesa woyamba kubadwa. Kenaka anachita zimene ana a masiku ano amachita akasowa pogwira: anatulutsa foni. Analemba mmene Tisauke anafotokozera, ndipo panatuluka zithunzi za maluwa a milomo yaitali, ofiira, abuluu, ofiirira, ambiri a iwo a kumapiri ouma a ku Amereka.

"Amai, onani ili. Ati limamela mu malo youma, pansi pa mapili. Mukati muli na ubweya. Si ili?"

Ednah anatenga foniyo ndi manja awiri, n'kuiyandikitsa kumaso, n'kuitalikitsanso.

"Ni labwino," anatero. "Koma nizaziba bwanji, mwana wanga? Unionetsa nkhope ya munthu wamene sininamuonepo, ati ni uyu? Onse aya nikhoza kuvomela."

Towela anabweza foni m'chikwama. Tsiku lotsatira anavala chitenje n'kuwaperekeza kuphiri, ndipo anabwerako ndi thumba la katate basi.

Kenaka kunafika zikhomo zopaka utoto wofiira. Malo a patsinde pa phiri anadulidwa mapuloti, ndipo Loweruka lililonse kunkabwera magalimoto a anthu a ku Lusaka, aphunzitsi, anamwino, a m'maofesi, kudzaloza ndi zala pamene padzakhale khonde. Sanali anthu oipa, ankafuna pogona ngati wina aliyense. Koma anaika alonda, ndipo mayi wongoyendayenda ndi thumba anayamba kufunsidwa kuti akufuna chiyani. Ndiye pamene Bornwell, bambo wa m'mudzi momwemo amene anapatsidwa ntchito yolambula mapulotiwo, ankalemba amayi oti azule zitsa, Ednah anali woyamba kufika. Anzake anamuseka kuti nkhalamba ikufunanji ndi piki, kodi ana asiya kutumiza shuga. Iye anaseka nawo. Mumtima ankadziwa kuti njira yotsala ndi imeneyo: ngati duwa lakana kuoneka, chibangili chidzaoneka.

Munali mu Ogasiti, tchire litapsa. Pa lupsa zomera zonse zimafanana, timitengo topserera totuluka m'nthaka, ndipo pansi pa pafupifupi kalikonse panali chitsa, zina ngati chibakera, zina ngati mutu wa mbuzi. Ednah sankadziwa kuti pansi pa udzu pamabisala zitsa zochuluka choncho. Chilichonse chimene wazula ankachigogoda kuti dothi ligwe, n'kuyang'ana pakhosi pake ngati pali waya, n'kuchiponya pamulu.

"Amake Towela, muchedwetsa anzanu," Bornwell ankadandaula. "Muvisankha monga ni mbatata za pa maliketi?"

"Niyopa njoka, ba Bornwell. Maso yanga siyaona bwino."

Kuti amayi asamakangane, Bornwell anaika lamulo loti aliyense azitenga ngati nkhuni zitsa zimene wazula yekha. Puloti ikatha ankasamukira pa ina, kenaka pa inanso, mzere wonse mpaka kukhota, ndipo madzulo aliyense ankasenza mtolo wake. Pambuyo pawo pankabwera chigalimoto chosalaza nthaka. Ntchito itatha Ednah anali ndi mulu waukulu wa zitsa kuseri kwa khitchini, msana wowawa, ndi kachiyembekezo kamene anadzisokera yekha, koti mwina Tisauke anasokoneza mbali ya phiri, mwina malowo ali kumtunda kumene sikunadulidwe.

Mvula yoyamba inagwa mu Novembala. Patapita masiku, akukatenga nkhuni, anaona kuti chitsa china cha pansi penipeni pa mulu, chimene chinkakhudza dothi, chaphuka. Zimachitika zimenezo, ndipo chikanakhala chouma akanachiponya pamoto tsiku lomwelo. Anachisiya. Mphukira zinakwera msanga, zowongoka, za masamba aatali oonda okhala awiriawiri moyang'anana, osati otambalala ngati a katate. Ednah ankazidutsa osaziganizira, mutu uli kumunda. M'mawa wina, akutuluka ndi khasu ndi kathumba ka mbewu, anapeza maluwa atatseguka, onse akuyang'ana mbali imodzi.

Khasu linagwa lokha. Duwa lililonse linali lalitali ngati chala, lofiirira kunja, loyererako mkati, mlomo wapamwamba wogawika pawiri, wapansi patatu. Anagwada n'kusuzumiramo. Munali mizere yakuda yolowera mkati, ndipo pakamwa pake panali kaubweya kachikasu. Njuchi inalowamo yonse n'kutuluka chambuyo. Linali ngati katate, koma silinali katate.

Apa m'pamene mutu unatseguka, mochedwa. Tisauke analiona duwali tsiku loika mwana, ndipo tsikulo linali la mvula zoyamba, ngati lomweli. Duwali limatuluka pa lupsa udzu usanakule, nthawi imene mlimi aliyense ali chiweramire m'munda mwake. Pofika Malichi limakhala litayoyoka kale, tsinde lake litabisika m'tsekera. Zaka zonsezo ankapita nthawi yolakwika, chonsecho nthawi yoyenera ankaidziwa kuposa munthu wina aliyense padziko.

Anachotsa zitsa za pamwamba chimodzichimodzi. Pakhosi pa chitsacho panalibe waya. Panali mzere wotupa wozungulira, ngati pamene chingwe chinalowerera pamtengo. Anathamangira mpeni m'khitchini n'kuyamba kupala pang'onopang'ono. Poyamba panatuluka zobiriwira ngati ndere, kenaka mpeni unalira pachitsulo, ndipo mkuwa unawala. Chitsacho chinali chitameza chibangili.

Ednah anakhala pansi m'matope momwemo. Chimene chinamulasa mtima sichinali chakuti malowo apita. Chinali chakuti iye anafikapo. Chitsa chilichonse pamuluwo anachizula ndi manja ake. Tsiku lina mu Ogasiti anaima pamwamba pa mwana wake, anakweza piki, anachotsa chizindikiro chokhacho chimene chinalipo, anachigogoda, anachiyang'ana, n'kuchisenza kupita nacho kunyumba akudandaula msana. Anafinya mutu kuti akumbukire kuti linali tsiku liti, puloti iti, ndani anali pambali pake. Masiku onsewo anali ofanana, fumbi ndi phulusa ndi mawu a Bornwell. Chisoni cha tsiku limenelo chinaposa cha tsiku lobereka, chifukwa panalibenso woti n'kumuloza chala.

Anakwirira chitsacho ndi dothi kuti chisaume, ndipo kumunda sanapitenso. Anapita kwa Bornwell, n'kumupeza pakhomo pake akumanga ng'ombe goli.

"Ba Bornwell, panali chitsa china cha khosi yotupa. Mukumbuka pamene ninachizula?"

Bornwell anayamba kuseka, koma ataona nkhope yake anasiya.

"Amai, vitsa vinali vambili. Na mapuloti yeve manje siniyaziba, anasintha misewu. Mwataya chani?"

Ednah anangopitirira kulowera kuphiri.

Patsinde pa phiri sipanalinso pomwe ankapadziwa. Panali misewu yofiira yodutsana, maenje a maziko odzaza madzi, milu ya mchenga ndi mabuloko. Mipanda ina inali itatha kale, yaitali kuposa munthu. Anayenda mzere wonse kupita ndi kubwerera, matope akumata kumapazi, omanga akumuyang'ana ali pamakwerero. Mwana wake anali penapake pamenepa, pansi pa simenti, kapena pansi pa msewu, kapena pamene wina adzakumbe chimbudzi. Pomaliza anasankha mpanda umodzi popanda chifukwa chenicheni, kungoti ataima pamenepo phiri linkaoneka mmene ankalionera masiku ena akawongola msana. Anagogoda pageti la malata.

Anatsegula ndi mlonda, bambo wachikulire wovala jekete lalikulu, kapu ya tiyi ili m'manja.

"Mwauka bwanji, amai? Mufuna bandani?"

Ednah anatsegula pakamwa. Funsolo linali losavuta, loti ngakhale mwana wamng'ono angayankhe. Koma amene ankamufunayo analibe dzina. Nthayo sapatsidwa dzina, ndipo m'zaka zonse zomusungira mumtima iye sanalimbepo mtima kumupatsa ngakhale lachinsinsi. Anasuzumira pamwamba pa phewa la mlondayo. Bwalo lonse linali litathiridwa simenti kuchokera pageti mpaka pakhomo, yosalala bwino, yonyowa ndi mvula.

"Palibe, atate," anatero. "Nasokela chabe."

Mlondayo anamulozera mwaulemu njira yotulukira kumsewu waukulu, n'kutseka geti. Ednah anathokoza, koma sanalowere kumene analozeredwa. Anayenda mpaka pageti lotsatira n'kuima patsogolo pake, dzanja lili m'mwamba, osagogoda.